Mipanda yatitsekera nyanja, alendo abwere koma atisiyire njira

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yathuyi pa nkhani ya malo a m'mphepete mwa nyanja, makamaka kwathu kuno ku Mangochi, msewu wonse uwu wochoka pa boma kudutsa Namiasi, Maldeco, Makawa, Nkope mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Masiku ano wandale aliyense akaima pa nsanja amati zokopa alendo ndi imodzi mwa nsanamira zitatu za chuma chathu pamodzi ndi ulimi ndi migodi, ija akuitchula kuti ATM ija, mu February 2024 mpaka boma linachotsa ma visa kwa anthu a mayiko 79 kuti alendo azingobwera. Ine sindikutsutsa ayi, ndingatsutse bwanji pomwe ndimadyera momwemo. Koma palibe amene akufunsa kuti malo omwe maloji ndi makoteji akumangidwapowa anali a ndani, anagulidwa bwanji, nanga anthu omwe ankachapa, kutunga madzi ndi kukocheza mabwato pamenepo lero akulowera kuti.

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makoteji a anthu. Eni ake ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg ndi ku London, ine ndi amene ndimasunga makiyi, kulipira alonda, kugula mayunitsi a magetsi, kuitana pulambala paipi ikaphulika ndi kulandira alendo omwe abwana apeza pa Facebook kapena pa Airbnb. Nde ndikamalankhula izi musaone ngati ndi nsanje ya munthu wa kunja kwa mpanda, ine ndili mkati mwa mpandamo, koma azakhali anga ndi alongo anga ali kunja kwake ndipo madandaulo awo amandipeza ine chifukwa bwana samuona.

Kale makolo athu malo ankawayeza ndi zomwe atulutsa, pamenepa pamachoka matumba angati a chimanga, apa mpunga umachita bwino, apo chinangwa. Mchenga wa ku gombe sunali wa munthu mmodzi chifukwa palibe chimene ungadzalepo, unali wa mudzi wonse, poyanikira makoka, pokhomera thandala la usipa, posokera ukonde pansi pa mtengo. Lero zinatembenuka. Munda wachonde womwe uli kutsidya kwa tala mtengo wake ndi wochepa, koma mchenga wopanda kanthu uja ndi umene ukugulidwa ndi ndalama zoti munthu wa kumudzi sanazionepo, ndipo funso la wogula ndi limodzi basi, kutsogoloku kukuyang'ana madzi ndi mamita angati. Mtengo wa malo kuno suukuikidwanso ndi mlimi kapena msodzi, ukuikidwa ndi munthu amene akufuna kukhala pa khonde dzuwa likamatuluka ku mapiri a kwa Makanjira ali ndi botolo lake m'manja.

Mmene zimayendera aliyense kuno amadziwa. Amayamba ndi madobadoba, anyamata oyenda ndi foni ziwiri omwe amadziwa banja lililonse lomwe lili pa mavuto, kwa uje kuli matenda, kwa uje mwana akufuna ya thiransipoti ndi pasipoti kuti apite ku South Africa. Kuno kwathu kwa Ayao ndi Anyanja malo ndi a mbumba, amayenda kuchikazi, malume ndi ongoyang'anira chabe, koma dobadoba sapita kwa azimayi eni malo, amapita kwa malume kapena kwa amfumu madzulo. Kalata imalembedwa pa pepala la mu kope, amfumu adinda chidindo, mboni ziwiri zasaina, basi zatha. Azimayi amadzadziwa tsiku lomwe masaveya afika ndi zoyezera zawo kudzakhoma mabikoni. Wogula uja amatenga kapepalako kupita nako ku Lands kukapanga lizi ya zaka 99, ndipo kuchoka tsiku limenelo malo aja atuluka m'manja mwa mudzi, olo zidzukulu za zidzukulu sizidzawaonanso. Ndalama ija? Malata pang'ono, njinga yamoto ya kabaza, mwina mkazi wachiwiri, pakutha pa chaka njinga ija ili pa mawe yafa injini. Pomwe wogula uja akangodikira pang'ono, osamangapo olo chimbudzi, amadzagulitsa puloti yomweyo kwa mnzake wa mu tauni pa mtengo woti malume aja atamva akhoza kukomoka.

Ndipo musaganize kuti ndi azungu okha ayi, ili ndi bodza lomwe timakonda kudzitonthoza nalo. Ambiri omwe atenga gombe ndi Amalawi anzathu, mabwana a m'boma, andale, a mabizinesi, makampani ndi mabanki omwe ali ndi makoteji a antchito awo. Kusintha kwa lamulo la malo kwa 2022 kunaletsa kugulitsa malo kwa munthu yemwe si nzika, chabwino, koma mpanda wa Mmalawi umatseka njira chimodzimodzi ndi mpanda wa mzungu, komanso tonse timadziwa kuti pepala likhoza kukhala m'dzina la Mmalawi ndalama zili za wina.

Mpandawo ndi umene wandilembetsa kalatayi. Munthu akagula amamanga wa njerwa kuchoka kumsewu mpaka kumadzi, ena mpaka kulowetsa waya kapena miyala m'madzi mwenimwenimo, mnzake woyandikana naye nayenso amalumikiza wake pa khoma lomwelo osasiya olo kanjira koti munthu adutse atasenza ndowa, wachitatu chimodzimodzi, mapeto ake mudzi uli apa, nyanja ili apo ukumva mafunde usiku, koma kuti uifike uyende mtunda wautali kuzungulira. Ndipo malo omwe amatsala osagulidwa ndi ati? Ndi a mabango ndi matope omwe ogula anawakana, komwe kumakhala ng'ona ndi mvuu, komwe kuli nkhono za likodzo. Kumeneko nde kumene tikutumiza azimayi ndi ana kukachapa, mchenga woyera wabwino uja watsala wa anthu obwera pa Isitala, pa tsiku la anakubala pa 15 October ndi pa Khirisimasi. Miyezi ina yonseyi koteji imakhala yotseka, muli mlonda ndi agalu basi, ine ndimapita kukatsegula mawindo kuti musanunkhe chinyezi.

Asodzi nde ali pa moto weniweni. Chilimira, ukonde waukulu wophera usipa ndi utaka uja, sichifuna madzi okha, chimafuna dooko, pokocheza boti ndi mabwato, poti alovi, anyamata okoka ukondewo, apume, poyala ukonde, ndi malo a mathandala oyanikira usipa ndi utaka, ndipo azimayi ogula nsomba amafika pomwepo m'mamawa ndi mabeseni awo. Madooko akuchepa chaka ndi chaka nde anthu akuunjikana malo amodzi, zimbudzi zosakwana, kenako kolera akabuka ngati mmene anatisautsira mu 2022 ndi 2023 anthu a mu tauni amati anthu a kunyanja ndi auve. Alendo ena amadandaula kwa ine kuti fungo la nsomba likuwasokoneza, kuti injini za maboti ndi phokoso la asodzi usiku sizikuwagonetsa, koma m'mawa mwake omwewo amandituma kuti achimwene tipezereni chambo chafuleshi ndi kampango wamkulu. Achokere kuti chamboyo, mu swimming pool?

Kuti ndichite chilungamo, eni maloji nawo ali ndi zifukwa zawo ndipo zina ndi zomveka. Kuba kulipo, mlendo akasiya foni pa mchenga kukasambira amapeza palibe, anyamata ena ogulitsa zosema ndi mikanda amakakamira mlendo mpaka kumutopetsa, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri kuti apume safuna gulu la ana limuzungulire akudya. Ntchito nazo zabwera, ma weita, ophika, ochapa, oyendetsa maboti opita ku zilumba, ndipo pali maloji ena omwe athandiza masukulu ndi mijigo m'midzi yoyandikana nawo. Mahotela akale ngati Nkopola, Makokola ndi Livingstonia Beach ya ku Senga Bay alera mabanja ambiri. Zonsezi ndikuvomera. Koma wakuba amagwidwa ndi mlonda, sikuti mudzi wonse uulande nyanja chifukwa cha foni imodzi.

Ndipo amene akuti alendo sangabwere popanda mpanda apite ku Cape Maclear akaone. M'mudzi wa Chembe maloji ali mkati mwa mudzi, pa gombe lomwelo mzungu wagona pa mchenga, apo mayi akutsuka mapoto, apo ana akudumphira m'madzi, apo asodzi akukonza nyali za usiku, ndipo ndi malo omwe amadziwika kunja kuposa magombe onse otchingidwa aja. Alendo ochokera kutali amabwerera zomwezo, sanakwere ndege kuti adzaone khoma la njerwa, makoma ali nawo kwawo. Koma ku Chembe nakonso kuli vuto lake la malo lomwe ndi lowawa mwina kuposa lathu. Malo aja alendo anayamba kuwasirira kalekale, David Livingstone ndi amene anawatcha dzina la mnzake Thomas Maclear, amishoni a Livingstonia anayamba kukhala pomwepo mu 1875 asanathawe malungo kupita ku Bandawe, ndipo cha m'ma 1949 ndege zotera pamadzi zinkatera pomwepo. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, mu 1984 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha tinsomba ta mbuna tija tosapezeka kwina. Nde mudzi unatsala pakati, kumbuyo mapiri ndi a paki sungalimeko kapena kumangako, kutsogolo mzere woyamba woyang'ana madzi pang'ono ndi pang'ono wapita kwa maloji, anthu akuchulukana, mwana akakula akamange kuti? Aphunzitsi ndi anamwino otumizidwa madera ngati amenewa amavutika kupeza nyumba ya renti chifukwa landilodi waona kuti bola kukonza zipinda zija azigoneka alendo, masiku ochepa a holide apeza ndalama yoposa renti ya mwezi.

China chomwe anthu sanena poyera ndi chakuti alendo ambiri omwe amadzaza mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima si azungu oona mbuna ayi, ndi ife tomwe, anthu a mawekishopu a boma ndi a mabungwe, odzadya alawansi. Nchifukwa chake aliyense womanga masiku ano amayamba ndi holo ya misonkhano ndi malo oimika magalimoto, ndipo pa Makawa ndi malo ena a malonda pamera tima resthouse ndi mabala ambirimbiri ogona madalaivala ndi iwo omwe akufuna kupulumutsa alawansi ija. Boma likangolengeza kuti misonkhano ya kunyanja yaima kaye pofuna kusunga ndalama, kapena ikabwera nthenda ngati Covid mu 2020, nyumba zonsezi zimakhala gwaa, antchito amauzidwa kuti kadikireni kunyumba tikuitanani. Nde taganizani, tagulitsa malo a makolo mpaka kalekale chifukwa cha bizinesi yomwe ikhoza kuima ndi kalata imodzi yochoka ku Capital Hill. Msodzi akataya dooko alibe kobwerera, pomwe bwana loji ikafa amangoikhoma pa Facebook kuti ikugulitsidwa.

Pa nkhani ya malipiro ndingonena pang'ono poti ndi ine ndimapereka maenvelopu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 makoteji ambiri anakweza mitengo sabata yomweyo, ena amachita kuwerengera mu madola, koma ya mlonda ndi ya mnyamata wosesa mchenga inatenga nthawi kuti isunthe, kwinako sinasunthe nkomwe. Mlondayo nthawi zambiri ndi mdzukulu wa eni malo omwewo, akulondera pomwe agogo ake ankayanika usipa, ndipo ntchito yake ina ndi yothamangitsa abale ake akafuna kudutsa.

Kenako 2024 nyanja inabwera kudzayankha yokha. Madzi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, maloji ndi makoteji ku Mangochi, ku Salima mpaka ku Nkhotakota analowa madzi, mabala a pa mchenga anamira, mipanda ina inagwa, mabedi kumayandama m'zipinda. Eni ake analira kwambiri kuti a National Water Resources Authority atsegule zitseko zonse za Kamuzu Barrage ku Liwonde madzi apite. Ine chisoni ndinali nacho chifukwa anzanga ambiri ntchito zinawathera, koma tiyeni tinene zoona, madzi amenewo akatsegulidwa mosasamala amapita kuti? Amatsika ndi Shire kudutsa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pomwe timapangira magetsi, kukathera kwa anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje omwe anali asanapole mabala a namondwe Freddy wa 2023. Ndiye kuti mlimi wa ku Nsanje amire kuti bala ya bwana iume? A zamadzi akhala akunena kuti munthu asamange pansi pa mzere wa mamita 477, ndipo akuluakulu a kuno amakumbukira kuti mu 1980 madzi anafika pamwamba kuposa apa, amatha kukulozera mtengo kuti nyanja inafika apo. Koma m'ma 1990 nyanja inatsika, m'ma 2016 inatsikanso mpaka magetsi kumangozima, mchenga watsopano unaonekera ndipo anthu anauthamangira kuugawa mapuloti ngati nyanja yasamuka. Makolo sankamanga nyumba yokhazikika pamenepo osati chifukwa chosowa nzeru kapena simenti, ankadziwa kuti nyanja imabwerera m'malo mwake.

Funso langa nlakuti mapulani a nyumba zimenezi anavomereza ndani? Ngati anavomereza a khonsolo, anayeza ndi chani? Ngati sanavomereze, nyumba yonse ya zipinda zambirimbiri inamera usiku osaiona? Ndipo madzi atakwera chinthu chomwe palibe anachitchula ndi masepitiki thanki, omwe ambiri anakumbidwa mu mchenga pafupi ndi madzi, onse aja anamira ndipo zam'katimo mukudziwa komwe zinapita, m'madzi omwewo omwe mudzi ukumwa. Pano ena m'malo mobwerera m'mbuyo akuthira miyala ndi kumanga zipupa zotchinga mafunde, mwera ukawomba mafunde aja amakagumula kwa woyandikana naye amene alibe ndalama ya simenti, ena akutapa mchenga wa pa gombe ndi malole kukamangira makoteji ena.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino pa pepala. Ndondomeko ya malo ya 2002 inatchula kale kuti kugawa malo a m'mphepete mwa nyanja mwachisawawa ndi limodzi mwa mavuto a dziko lino, taonani zaka zomwe zadutsa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linati pakhale komiti ya malo pa gulupu aliyense, agulupu ngati wapampando ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo osachepera atatu akhale azimayi, kuti mfumu isamagawe malo yokha kuseri. Lamulo la zachilengedwe la 2017 likufuna kuti chitukuko chachikulu chiunikidwe kaye chisanayambe. Koma fikani m'midzi ya kunyanja mufunse mayi wina aliyense ngati komitiyo anaionapo ikukana kugulitsa malo, akusekani. Alendo amalipira 1 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo, tourism levy ija, pa bilu iliyonse, ndalamayo imapita ku likulu, mudzi womwe wataya gombe suona olo mjigo wochokera pamenepo.

Ine zomwe ndikupempha si zovuta ndipo sizithamangitsa mlendo olo mmodzi. Khonsolo ya Mangochi, ya Salima, ya Nkhotakota ndi ya Nkhata Bay, pamodzi ndi mafumu athu aakulu a Mponda, a Nankumba, a Maganga ndi anzawo, akhale pansi alembe madooko onse ndi malo ochapira omwe atsala, akhomepo mabikoni ndi kuwalembetsa m'dzina la mudzi kuti asadzagulitsidwenso ndi munthu aliyense olo atakhala mfumu, ndipo makomiti a asodzi a m'madooko, ma BVC aja, akhale nawo pa zokambiranazo poti ndi amene amadziwa pomwe boti lingakocheze mwera ukavuta. Pakati pa mapuloti pazikhala njira yoti ngolo ikhoza kudutsa, ndipo pomwe anatseka kale, lizi ikamakonzedwanso kapena puloti ikamagulitsidwa kwa wina njirayo itsegulidwe kaye. Mpanda uzithera pa mtunda, mchenga wonyowa ndi mafunde usakhale wa munthu. Mzere wa 477 uja asamangounena pa wailesi, aukhome zipilala zopaka penti zoti aliyense aziona, wogula asadzanamizire kuti sankadziwa. Ndipo omwe anatchinga malo zaka zambirimbiri osamangapo kanthu, akungodikira mtengo ukwere, azilipira msonkho wowawa kapena abweze.

Kwa abale anga eni malo, amalume ndi azakhali, ngati mwapanikizika ndithu musagulitse, bwereketsani. Pangani mgwirizano wolembedwa wa zaka zowerengeka, mbumba yonse isaine osati munthu mmodzi, renti izibwera chaka ndi chaka ndipo izikwera kwacha ikagwa, mulembemo kuti ana a pamudzi azilembedwa ntchito ndi kuti njira ya kumadzi isatsekedwe. Wofuna bizinesi yeniyeni savuta pa zimenezi, amene amakana ndi uja akufuna kudzagulitsa mawa. Ndipo pezani munthu wodziwa malamulo akuwerengereni pepalalo musanadinde chala, dobadoba si m'bale wanu olo akupatseni moni wa ulemu bwanji, iye yake ndi komishoni.

Pomaliza Akonzi, atolankhani anu timawaona kuno nthawi ya zoimbaimba za pa mchenga ndi pa misonkhano ya nduna, amajambula dzuwa likulowa nkubwerera. Ulendo wina mutumize mmodzi asiye galimoto pa Makawa ayende wapansi ndi azimayi opita kukachapa, awerenge yekha mipanda yomwe adutse asanapeze polowera kumadzi, akatero apite ku khonsolo akapemphe mapu oonetsa njira za anthu zopita kunyanja ndi mndandanda wa nyumba zomwe zinavomerezedwa kumangidwa pansi pa mzere uja, zomwe akamuyankhe mudzatilembere muno tiwerenge tonse.

Ndine wanu,
Woyang'anira makoteji,
Mangochi